Pampu yafa, akatswiri anapita: titani?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine mlembi wa komiti ya alimi a mpunga wothirira kuno ku Nkhotakota, kufupi ndi mtsinje wa Bua. Bungwe lina linatiikira pampu ya sola. Mainjiniya akunja anaimanga, natiphunzitsa m'kalasi paboma, basi n'kumapita. Pano pampu inaima, buku lake ndi la Chingerezi, ndipo kabokosi koyendetsera magetsi anakatseka ndi nambala yachinsinsi. Tamva kuti kukubwera pulojekiti ina. Titani kuti zisatichitikirenso?

Yankho: Pepani bambo mlembi. Maphunziro a m'kalasi aja, a fanta ndi alawansi, ine sindiwawerengera. Munthu sadziwa pampu asanaimasule ndi manja ake.

Kumbukirani akatswiri a ku Taiwan amene anagwira ntchito m'masikimu a mpunga kwa zaka zambiri, mpaka boma litasankha ubale ndi China iwo n'kuchoka mu 2008. Ankalowa m'matope limodzi ndi alimi, n'chifukwa chake kufesa nazale ndi kuwokera sizinapite nawo.

Ndiye pulojekiti yatsopanoyi isanakumbe ngalande ngakhale imodzi, khalani nawo pansi, amfumu ndi mlangizi wa boma alipo. Sankhani anthu awiri kapena atatu okhazikika pamudzi, mayi akhalepo, osati mnyamata amene mtima uli ku Joni. Amenewa agwire sipanala kuyambira tsiku loyamba: kulumikiza mawaya, kutsuka mapanelo, kuchotsa mchenga m'sefa. Katswiri asananyamuke, aimitse pampu dala, anthu anuwo apeze vuto okha iye atapinda manja. Akalephera, ntchito sinathe, musasaine pepala lolandira.

Pemphaninso kuti zilembedwe m'pangano: nambala yachinsinsi ija, malangizo a m'Chichewa okhala ndi zithunzi, ndiponso sitolo ya ku Lilongwe kumene zipangizo zake zimapezeka.

Inunso musakhale chete ngati alendo pa munda wanu womwe. Injiniya wobwera mu Ogasiti amaona Bua ali phee. Ndinu amene mukudziwa pomwe madzi amafika mu Febuluwale. Mutengereni pamtengo umene uli ndi chizindikiro cha matope, aone yekha asanasankhe poika pampu. Akabweretsa mbewu yachilendo, funsani kaye ngati a kafukufuku wa mpunga ku Lifuwu, ku Salima, anaiyesa, musanataye Kilombero wanu amene ogula amamudziwa ndi fungo.

Za pampu yakufayo, lembani kalata ku ofesi ya ulimi wothirira paboma, mutchule dzina ndi nambala zolembedwa pachitsulo chake, kuti akufunireni nambala yachinsinsiyo kwa amene anaigulitsa.