Nyali Zowala Kwambiri pa Galimoto: Yankho kwa Bambo wa Probox

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene amayenda kawirikawiri usiku pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu pa Toyota Probox. Iwo akuti nyali za galimoto yawo zafooka, ndipo akufuna kudziwa ngati n'kwabwino kuchotsa mababu a H4 amene alimo n'kuikamo a LED, komanso kuwonjezera nyali zachikasu za chifunga, koma sakufuna kuthobwa anzawo m'maso. Mawu omalizawa, bambo, ndi amene andichititsa kuti ndikuyankheni motalika chonchi, chifukwa ine ndinathobwedwapo mpaka kutsala pang'ono kupha munthu, ndipo pambuyo pake inenso ndinathobwa anthu ena kwa miyezi iwiri yathunthu ndikudziona ngati wochenjera.

Zaka zingapo zapitazo ndinkachokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe pa msewu wa M1, nditachedwa kunyamuka chifukwa cha maliro. Pamene ndinkadutsa pa Ntcheu mdima unali utagwa kale, ndipo ndikukwera zitunda zolowera ku Dedza kunatulukira galimoto yaing'ono yokhala ndi nyali zoyera ngati mphezi. Ndinaithwanimitsira nyali zanga pofuna kuikumbutsa kuti ichepetse kuwala, koma woyendetsayo anandiyankha poyatsa zowala kuposa pamenepo, ngati akundiuza kuti zimene ndinkadandaula nazozo zinali kale za dimu. Kwa masekondi atatu kapena kuposerapo sindinaone chilichonse. Maso atabwerera, kutsogolo kwanga kunali munthu wa njinga yakapalasa atamanga matumba awiri a makala, wopanda chilichonse chonyezimira kumbuyo kwake, ndipo ndinamuzemba mwamwayi chabe, matayala akumanja atadutsa kale mzere wapakati. Ndinaima patsogolo pang'ono miyendo ikunjenjemera. Pambuyo pake ndinawerengera kuti galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti ndinayenda mamita oposa 60 ngati munthu wotseka maso, pa msewu umene m'mphepete mwake mumayenda anthu, njinga, mbuzi ndi ngolo.

Mungaganize kuti usiku umenewo unandiphunzitsa kudana ndi nyali zotere, koma zimene ndinatengapo zinali zosiyana. Ndinaganiza kuti vuto linali la nyali zanga zofooka, ndipo kuti ndikanakhala ndi zowala ngati za mnzangayo ndikanamuona wa makala uja ali patali. Choncho ndinagula mababu a LED a m'bokosi lokongola lolembedwa manambala akuluakulu, mnyamata wa pashopu anawaika m'mphindi khumi, ndipo usiku umenewo ndinaima pabwalo ndikusirira mmene udzu wonse unkaonekera ngati masana. Pa msewu galimoto iliyonse yochokera kutsogolo inkandithwanimitsira, madalaivala a malole ena ankandiyatsira nyali zawo zonse mpaka titadutsana, ndipo ine ndinkangoti ndi nsanje. Amene ananditsegula m'maso anali mlamu wanga, tsiku lina pamene tinkachokera kumudzi iye ali patsogolo ine ndili pambuyo. Titaima pomwetsa mafuta anatuluka m'galimoto yake akupukuta misozi n'kunena kuti, "Alamu, kuchokera pamene tinanyamuka ndayenda nditapotoza magalasi onse atatu, chifukwa nyali zanuzi zikundiotcha m'maso ngakhale muli kumbuyo kwanga." Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti ndasanduka munthu yemwe uja wa pa chitunda cha ku Dedza.

Mkulu wina wokonza zamagetsi a galimoto ndi amene anandilongosolera nkhani yonse, ndipo anachita zimenezi pogwiritsa ntchito khoma la garaja yake. Anaika babu wakale wa halogen (mtundu wa babu woyaka ndi kawaya m'kati, monga wa H4) mbali imodzi n'kusiya wa LED mbali inayo, kenaka anayatsa dimu. Mbali ya halogen inaonetsa mzere wooneka bwino: kuwala kunsi, mdima kumwamba, ndipo mzerewo unkakwera pang'ono chakumanzere. Mbali ya LED inali chiphalaphala cha kuwala chopanda malire, chofika mpaka kudenga. Chifukwa chake n'chakuti mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali inapangidwa moyezera kawaya kakang'ono kamene kamayaka m'babu wa halogen, malo ake enieni ndi kukula kwake. Babu wa H4 ali ndi timawaya tiwiri, ka mawati 60 ka nyali zowala kwambiri ndi ka mawati 55 ka dimu, ndipo pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo konga kasupuni kamene kamatchinga kuwala kuti kusapite kumene kungathobwe munthu. Mukaikamo chinthu chowala kuchokera pamalo ena, ngakhale kusiyana kwake kukhale kwa milimita imodzi kapena awiri, mbaleyo imamwaza kuwalako kumene sikunayenera kupita. Kukwera kwa mzere chakumanzere kuja nakonso kuli ndi cholinga, chifukwa ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo nyali imayenera kuunika woyenda pansi ndi zikwangwani za m'mphepete, n'kusiya maso a wobwera kumanja ali mumdima. Galimoto zochokera ku Japan, monga Probox yanu, zimabwera zili choncho kale, koma za chiwongolero chakumanzere zochokera ku mayiko amene amayenda kumanja zimaponya kuwalako m'maso mwa wobwera kutsogolo ngati nyali zake sizinasinthidwe.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndi mababu atsopano aja sindinkaona patali kuposa kale. Kuwala kochuluka kunkagwera pafupi, mamita khumi kapena makumi awiri kutsogolo kwa boneti, ndipo pamene pafupi pawala kwambiri diso limachepetsa kamboni kake, motero patali pamene pali ngozi yeniyeni pamaoneka mdima woposa poyamba. Munthu amakhutira chifukwa akuona miyala iliyonse pafupi ndi galimoto, koma pa liwiro la makilomita 80 chinthu chimene chili pa mamita makumi awiri mwachigunda kale.

Pano ndilankhula mosabisa. Mababu ambiri a LED ndi a HID (oyaka ndi mpweya wa xenon m'malo mwa kawaya) amene amaikidwa m'nyali zopangidwira halogen ndi chinyengo chimene wogula amalipira ndi ndalama, ndipo anthu ena amalipira ndi maso awo. Sindikunena kuti LED ndi yoipa, chifukwa galimoto zimene zinabwera ndi nyali za LED kuchokera kufakitale zimaunika bwino kwambiri, popeza nyali yonse inapangidwira kuwala kwa mtundu umenewo. Babu wa H4 pa dimu amatulutsa kuwala pafupifupi malumeni 1,000 (lumeni ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala), pamene wa HID wa mawati 35 amatulutsa pafupifupi 3,200, ndipo n'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya ankafuna kuti nyali yopitirira malumeni 2,000 ikhale ndi chipangizo chodziwongolera yokha galimoto ikalemedwa kumbuyo, komanso chotsukira galasi lake. Ku Britain, kumene owerenga ena a nkhanizi amakhala, kuyambira mu 2021 galimoto imene nyali zake za halogen zaikidwa mababu a LED imalephera mayeso a pachaka a MOT. Mayiko amenewa ali ndi misewu yokhala ndi magetsi ndi mizere yooneka bwino, koma anaona kuti nkhaniyi ndi yoopsa, nanga ife amene m'mphepete mwa misewu yathu muli ana ochokera kuchigayo ndi a kabaza opanda nyali? Palinso nkhani ya mtundu wa kuwala. Halogen imawala mofiirira pang'ono, pa 3200K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), pamene mababu ambiri a m'mashopu amalembedwa 6000K kapena kuposa, koyera kopita kubuluu, ndipo kuwala kotereku kumapweteka maso kwambiri, makamaka a anthu achikulire, ndipo pa tala wonyowa nthawi ya mvula kumangosowa. Amene amaika mababu a halogen a mawati 100 nawonso sali bwino, chifukwa mawaya ndi mapulagi a galimoto anapangidwira mawati 55 ndi 60, ndipo ndaonapo pulagi itasungunuka ngati phula ndi mbale ya nyali itapsa mpaka kuchita mbuu.

Za nyali za chifunga

Amene anayendapo pa Dedza m'mawa wa mwezi wa June, kapena pa Chikangawa popita ku Mzuzu, kapena ku Thyolo ndi ku Mulanje nthawi ya chiperoni, amadziwa kuti mukayatsa nyali zowala kwambiri m'chifunga mumangoona khoma loyera, chifukwa timadontho ta madzi timabweza kuwala m'maso mwanu. Nyali yeniyeni ya chifunga imaikidwa pansi, pa bampala, ndipo imaponya kuwala kotambalala m'mbali koma kodulidwa pamwamba, kuti muone mzere wa m'mphepete mwa msewu mukuyenda pang'onopang'ono. Siunika patali, ndipo siinapangidwe kuti ithandize nyali zofooka usiku wopanda chifunga. Mtundu wachikasu anthu ambiri amaumva bwino m'maso, ndipo dziko la France linakakamiza galimoto zake kukhala ndi nyali zachikasu kwa zaka zoposa 50 mpaka mu 1993, koma chimene chimathandiza kwenikweni ndi kapangidwe ka kuwalako ndi malo amene nyali yaikidwa. Tinyali tozungulira tachikasu timene timagulitsidwa pamodzi ndi mipiringidzo ya nyali za LED tambiri timaponya kuwala kowongoka ngati tochi, ndipo kupaka chikasu sikutisandutsa nyali za chifunga. Malamulo a pamsewu a ku Britain amati nyali za chifunga ziziyatsidwa pokhapokha pamene simukutha kuona kupitirira mamita 100, ndi kuzimitsidwa kukangoyera, ndipo muyeso umenewu ndimauona kuti ndi wanzeru kulikonse. Choncho mukaziika, zikhale ndi switchi yakeyake, osati kuzilumikiza ku dimu monga amachitira amakaniko ena pofuna kufulumira. Mipiringidzo ya LED ya padenga kapena pa bampala ndi ya kumunda ndi misewu ya m'tchire kumene simukumana ndi munthu, ndipo amene amaiyatsa pa M1 ndilibe mawu abwino oti ndimunenere.

Tsopano pa Probox yanu, bambo, ndikanayamba ndi kubweza kuwala kumene kunatayika. Galasi la nyali ndi la pulasitiki imene imachita chikasu ndi dzuwa, ndipo likhoza kupalidwa ndi sandipepala wonyowa kuyambira wa 800 mpaka wa 2000, kupukutidwa, kenaka n'kupakidwa mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi limabwerera mwakale m'miyezi yochepa. Ngati mbale ya m'kati yapsa, gulani nyali yonse. Pemphani wa zamagetsi ayeze mphamvu yofika pa babu injini ikulira, chifukwa mawaya okalamba akadya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvuyo, halogen imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake, ndipo relay (kachipangizo kopititsa mphamvu ya batire ku nyali mwachindunji) yokhala ndi fyuzi yake imathetsa vutoli. Ikani mababu atsopano a H4 a mawati 60/55 a makampani odziwika monga Osram kapena Philips, onse awiri nthawi imodzi, osagwira galasi lake ndi zala, podziwa kuti mitundu yawo yowala kwambiri imapsa msanga. Mukanyamula matumba a mbatatesi pa Lizulu kumbuyo kumatsika ndipo nyali zimayang'ana kumwamba, choncho ngati pafupi ndi chiwongolero pali kagudumu kolembedwa manambala kuyambira 0, kakwezeni nambala malinga ndi katundu.

Chotsala ndi kulunjika nyali, ndipo mungathe kuchita nokha madzulo amodzi. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, matayala ali ndi mpweya wokwanira, mamita 10 kuchokera pa khoma. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pakati pa babu, lembani muyeso womwewo pa khoma ndi choko, kenaka jambulani mzere wina masentimita 10 pansi pake, pokhapokha ngati pa nyali yanu palembedwa nambala ina yosiyana ndi 1.0%. Yatsani dimu, phimbani nyali imodzi ndi nsalu, ndipo zungulizani sikuluwu ya kumbuyo kwa inayo mpaka malire a kuwala agwere pa mzere wapansiwo, ndipo pamene malirewo akuyambira kukwera chakumanzere pakhale moyang'anizana ndi nyaliyo. Mukatha mbali zonse ziwiri, siyani dimu ikuyaka, yendani mapazi makumi atatu kutsogolo chakumbali kumene kumadutsa galimoto zobwera, nyonyomalani kufika pa msinkhu wa maso a munthu wokhala mu galimoto yaing'ono, ndipo yang'anani Probox yanu. Ngati mukutsinzina, bwererani ku sikuluwu ija.