Wifi ikumagwira tsiku ikafuna, vuto ndi chani?

FUNSO: Ankolo, ndili ndi kashopu kokonza mafoni ndi malaputopu pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo ndikuphunzira kulemba driver (pulogalamu yoyendetsa kachipangizo) ya kakadi ka wifi pa Linux. Vuto ndiloti laputopu ikayaka m'mawa nthawi zina wlan0 (dzina la wifiyo mu Linux) imaoneka koma osagwira, pena mpaka kernel (mtima wa Linux) kugwa ndi NULL pointer (code kuloza pa memory pomwe palibe kanthu), koma ndikapanga modprobe -r kenako modprobe (kuchotsa driver nkuibwezeranso) zonse bwinobwino. Ndinaikamo ma printk (olemba mauthenga mu log ya kernel) kuti ndione pomwe ikufera, basi vuto lija linasowa, nditawachotsa labweranso. Ndi kadi yakutha kapena?

YANKHO: Achimwene kadiyo ilibe mlandu, musaitaye. Imeneyo ndi race condition, zinthu ziwiri zikuthamangitsana ndipo code yanu sinanene kuti chiyambe ndi chiti.

Ndikuganiza kuti mu probe mwanu (pomwe driver imayambira ikapeza kadi) mukuitana request_firmware_nowait, yopempha firmware (kapulogalamu koyenda mkati mwa kadi), kenako pompo ieee80211_register_hw, yolembetsa kadiyo ku kernel. Ija ya nowait siidikira, imangotuma ntchito nkubwerera. Tsono mukangopanga register, wlan0 yabadwa, udev (yoyang'anira zipangizo) yaiona, NetworkManager kapena wpa_supplicant (mapulogalamu olumikiza wifi) akuthamangira kuidzutsa, start() yanu yoyatsa kadi yaitanidwa firmware isanafike nkomwe. Zili ngati kukuwa kuti nsima yapsa madzi asanawire, obwera mochedwa adya, othamanga apeza mbale zopanda kanthu.

Nchifukwa chake zikumavuta makina akangoyaka kumene. Nthawi imeneyo fayilo ya mu /lib/firmware ikuwerengedwa kuchokera pa disiki yomwenso ili bize ndi zina zambirimbiri, pomwe pa modprobe yachiwiri fayiloyo ili kale mu cache ndiye imafika msanga. Ma printk aja sanakonze kanthu ayi, anangochedwetsa mbali imodzi pang'ono mpikisano nkusintha.

Ndiye m'malo mothawa vutolo likulitseni dala. Ikani msleep(2000), yodikiritsa masekondi awiri, koyambirira kwa callback ya firmware (code yomwe imaitanidwa firmware ikafika), ngati ndikulondola izigwa ulendo uliwonse, ndipo chinthu chogwa nthawi zonse nchosavuta kuchigwira. Pofuna kuona ndondomeko gwiritsani trace_printk, imalemba mu buffer ya ftrace (chida cholondolera zochitika mu kernel) mwachangu osasokoneza nthawi ngati printk, muone kuti start() ndi callback wafika poyamba ndani. KCSAN iliponso kuyambira Linux 5.8 ya 2020, ndi chida cha kernel chogwira ma data race (mbali ziwiri kukhudza memory imodzi nthawi imodzi), koma muyenera kumanganso kernel ndipo pa laputopu yakale muzidikira ndithu.

Kukonza kwake, sunthani ieee80211_register_hw ipite kumapeto kwa callback ya firmware, zonse zitakonzeka. Chonde musasiye msleep mu start() nkumati zatheka, ambiri amatero koma tsiku disiki ikadzachedwa kuposa pamenepo mwabwerera pomwe munali. Komanso mu remove(), yomwe imaitanidwa pochotsa driver, muike wait_for_completion yodikira callback ithe, apo ayi wina akachotsa driver firmware ili m'njira callback idzalemba pa memory yomwe mwamasula kale.