Mafunso ndi Mayankho: Kachidole kanga kapserera kunja koma m'kati sikanapse

FUNSO: Akonzi, ndili mwana ndinkaumba ng'ombe zadothi kudambo, choncho achemwali anga atanditumizira timapaketi ta dongo lotchedwa polymer clay kuchokera ku Johannesburg, ndinkaganiza kuti sindivutika nalo. Ndinaumba kachidole ka mayi wobereka mwana ndipo ndinakayanika padzuwa masiku atatu, koma sikanaume. Nditakaika mu uvuni, mutu unada, miyendo inapindika, ndipo m'mawa mwake mkono unathyoka nditangoukhudza. Kodi ndinalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Luso la manja lomwe munaphunzira kudambo lija likuthandizani ndithu, koma chomwe muli nachochi ndi dongo pa dzina pokha. M'kati mwake mulibe dothi kapena madzi. Limapangidwa ndi pulasitiki ya PVC, mtundu womwe uja wa mapaipi a madzi, yosakanizidwa ndi mankhwala oifewetsa komanso utoto. N'chifukwa chake silinaume padzuwa: munalibe madzi oti auluke. Linayamba kudziwika ku Germany, kumene Sophie, mwana wa Käthe Kruse yemwe anali katswiri wopanga zidole, ankaumbira zinthu zosiyanasiyana, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Fimo.

Vuto lanu lalikulu lagona pa kawotchedwe. Dongoli limalimba likatenthedwa pa mlingo woyenera kwa nthawi yokwanira, ndipo mlingowo umalembedwa papaketi chifukwa umasiyana malinga ndi mtundu. Fimo amafuna madigiri 110 kwa mphindi 30, pomwe mtundu wina wotchedwa Premo umafuna madigiri 135 kwa mphindi 30 pa mamilimita 6 alionse a kuchindikala kwa chinthucho. Kuda kwa mutu kukusonyeza kuti uvuni unatentha mopitirira, kapena kuti mutuwo unayandikira kwambiri chitsulo chotenthetsa cha pamwamba. Ndikuganizanso kuti mutaona kudako munathamangira kukatulutsa, motero m'kati munatsala mosapsa, ndipo dongo losapsa bwino limathyoka ngati bisiketi. Oyamba kumene ambiri amaopa kuwotcha nthawi yaitali, chonsecho chomwe chimapsereza ndi kukula kwa moto osati kuchuluka kwa mphindi.

Manambala olembedwa pa batani la uvuni kawirikawiri salondola, choncho musanagule zida zina zilizonse, yambani mwapeza kachipangizo koyezera kutentha kwa mu uvuni. Uvuniwo uyambe watentha ndi kukhazikika pa mlingo wake musanaikemo kanthu. Chidolecho chikhale pa thayilo yoyalapo pepala loyera, ndipo muchivindikire ndi foyilo yopindidwa ngati denga la nyumba, yosakhudza dongolo. Chikapsa, chisiyeni chizizire chokha, pakuti chimakhala chofewerako chikadali chotentha.

Miyendo inapindika chifukwa inalibe mafupa. Dongoli limayamba lafewa mu uvuni lisanalimbe, ndiye miyendo yopyapyala singasenze thupi la mayi pamodzi ndi mwana kumsana. Pangani kaye chimango cha waya wa aluminiyamu, mukulunge foyilo molimba pomwe pakhale chifuwa ndi mutu, kenako mumatepo dongo losachindikala kwambiri. Njirayi imapulumutsanso dongo, zomwe n'zofunika poti kapaketi kamodzi kamangolemera pafupifupi magalamu 57. Ubwino wina ngwakuti mungathe kuwotcha kangapo: muwotche thupi kaye, muwonjezere manja ndi nkhope, n'kubwezanso mu uvuni.

Musanaumbe chilichonse, likandeni dongolo m'manja mpaka lizipindika popanda kung'aluka m'mbali. Ntchitoyi imatopetsa zala, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, koma mukaidumpha zinthu zanu zidzakhala ndi ming'alu. Sambaninso m'manja musanagwire dongo loyera, chifukwa limatola fumbi ndi ulusi uliwonse wa zovala. Zidindo za zala mungazifafanize ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti. Ine ndikanakonda mukanamusiya kaye mayi uja n'kuyamba ndi mikanda, ndolo kapena tinsomba tathyathyathya, kufikira mutaudziwa bwino uvuni wanu.

FUNSO: Kwathu kuno magetsi amazimazima. Kodi ndingawotche dongoli pa mbaula monga timachitira ndi chigumu? Nanga ndingaumbire makapu omwera tiyi? — Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Mbaula sindingakulimbikitseni, chifukwa moto wa makala sukhazikika pa mlingo umodzi kwa theka la ola, ndipo dongoli likapserera limatulutsa utsi woyabwa m'maso ndi kukhosi. Zoterezi zikachitika, zimitsani moto, tsegulani mawindo ndipo mutuluke kaye panja. Mayikulowevu nayonso siyoyenera. Mwayi wake ngwakuti chinthu chosawotcha chingadikire masabata ambiri osawonongeka, bola muchivindikire kuopa fumbi ndipo muchisunge pozizira, kutali ndi dzuwa, popeza kutentha kumayamba kuliumitsa pang'onopang'ono mpaka kusakandikanso. Magetsi akazima muli pakati powotcha, dikirani ayake, mutenthetsenso uvuni ndi kuyambiranso kuwerenga mphindi zonse.

Za makapu, yankho n'lakuti ayi. Dongoli silinapangidwire kukhudzana ndi chakudya kapena chakumwa, ndipo mpeni, mpukutu kapena mbale zomwe mwaumbira zisabwererenso kukhitchini. Chomwe ambiri amachita ndi kukongoletsa kunja kwa kapu yadothi kapena chogwirira cha supuni yachitsulo, n'kusiya malo ofika pakamwa opanda dongo. Kapu yotereyi muziitsuka ndi manja, osaiviika nthawi yaitali m'madzi otentha.