Chifukwa chiyani mlongo wanu ku Massachusetts alibe inshuwalansi ya chipatala?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo yofunsa za mlongo wake amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Worcester, m'boma la Massachusetts ku America. Mayiwa anamva kuti boma la Massachusetts linakonza malamulo kuti aliyense akhale ndi inshuwalansi, ndipo akudabwa kuti mlongo wawoyo akudwala matenda a shuga koma akuopa kupita kwa dokotala.

Mayi, zimene munamvazo ndi zoona. Mu 2006, bwanamkubwa Mitt Romney anasainira lamulo lonena kuti munthu wamkulu aliyense amene angakwanitse azikhala ndi inshuwalansi, apo ayi alipire chindapusa pa nthawi ya msonkho. Lamulolo linakhazitsa Health Connector, komwe anthu amagulako inshuwalansi, komanso linathandiza opeza zochepa kuti azilipira pang'ono chabe. Lamulo la dziko lonse limene Barack Obama anasainira mu 2010 linatengera zambiri kumeneko, ndipo masiku ano anthu pafupifupi 3 okha mwa 100 alionse ndi amene alibe inshuwalansi ku Massachusetts.

Vuto ndi lakuti lamuloli silimulembetsa munthu lokha ayi. Munthu amayenera kulemba mafomu, kusonyeza ndalama zimene amapeza, ndi kuyankha makalata a boma chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa otsalirawo ndi anthu ogwira ntchito amene anapunthwa pa chimodzi mwa zimenezi. Wosamalira okalamba amagwira maola ambiri mwezi uno, mwezi wamawa ochepa, moti malipiro akakwera pang'ono amachotsedwa ku MassHealth, inshuwalansi ya boma ya osauka, ndipo kalata yomuuza zoti achite imakafika kunyumba imene anasamukako kalekale. Ena abwana awo amapereka inshuwalansi, koma gawo lodulidwa pa malipiro limawalemera, makamaka amene amatumizanso ndalama kumudzi. Zimandipweteka kuti anthu amene amasambitsa ndi kudyetsa odwala a eni ake ndiwo amavutika kupeza chithandizo iwo akadwala.

Palinso nkhani ya mapepala okhalira m'dzikomo, imene simunaitchule koma ndi yaikulu. Kuyambira mu 1996, malamulo a America amachititsa anthu ambiri olowa m'dzikomo movomerezeka kudikira zaka zisanu asanalandire thandizo lonse la Medicaid, inshuwalansi ya osauka imene ku Massachusetts imatchedwa MassHealth. Mu 2009 Massachusetts inachotsa anthu oterewa pafupifupi 30,000 pa thandizo la Commonwealth Care, imene inali inshuwalansi yotchipa ya opeza zochepa, pofuna kusunga ndalama, kufikira khoti lalikulu la m'boma lomwelo linagamula mu 2012 kuti kutero kunali kuphwanya malamulo. Amene alibiretu chilolezo chokhalira m'dzikomo saloledwa kugula kudzera ku Health Connector.

Ngakhale zili choncho, mlongo wanu asakhale pakhomo ndi shuga, chifukwa matendawa amawononga impso ndi maso mwakachetechete. Muwauze apite ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, cha mtundu umene amautcha community health center, akapemphe wothandiza kulemba mafomu, ndipo thandizo limeneli ndi laulere. Akafunse za Health Safety Net, thumba limene limalipirira anthu opeza zochepa posayang'ana mapepala awo, ndipo atenge umboni wa malipiro ndi wa kumene akukhala. Ngati angadwale mwakayakaya, lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kumuyeza ndi kumuthandiza munthu wofika mwangozi, kaya ali ndi ndalama kaya alibe, ngakhale kuti bilu ikhoza kubwera pambuyo pake.