Thanki yaikulu ya nsomba m'chigwa cha Shire: ndalama zikakhala zochepa, ziyambire pati?

Bambo wina wa ku Nchalo watilembera kalata pa imelo. Akuti: "Ndikufuna thanki yagalasi yoweteramo nsomba pabalaza, yaikulu ndithu, koma m'thumba simuli bwino. Ndaona mndandanda wa zida pa intaneti, hita, magetsi okongoletsa, sefa yamakina. Ndiyambire pati, ndisiye ziti?"

Bambo, mindandanda imeneyo amalemba ndi anthu a kumaiko ozizira. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mdani wa nsomba zanu ndi kutentha. Hita ichotseni pamndandanda lero lomwe. Ndalama zanu zipite ku galasi, silikoni (guluu womatira magalasi) ndi mpweya.

Chifukwa chake ndi ichi. Madzi akamatentha amasunga okosijeni wochepa: pa madigiri 25 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 8, pa madigiri 35 imasunga pafupifupi 7. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma nthawi yomweyo thupi la nsomba limafuna mpweya wambiri chifukwa cha kutenthako. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kwafika madigiri 40, magetsi n'kuthima masana, mudzaona nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, zikumeza mpweya. Zikafika pamenepo mwatsala ndi maola ochepa.

N'chifukwa chake thanki yanu ikhale yaitali ndi yotakata, osati yakuya. Tikulangizani ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu. Imeneyi imalowa malita pafupifupi 240. Mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba, choncho pamwamba potambalala ndi mapapu a thankiyo. Komanso mphamvu imene madzi amakankhira galasi imadalira kuya, osati kutalika kwa m'litali. Mukati muonjezere msinkhu kufika 60, mufunika galasi lochindikala kwambiri, mtengo n'kukwera popanda phindu kwa nsomba.

Pa muyeso umenewu gulani galasi la mamilimita 10. La mawindo, la mamilimita 3 kapena 4, musaliyese n'komwe: limapindika pang'onopang'ono, tsiku lina n'kuphulika, malita 240 ali pansi ndi zidutswa zakuthwa pamene ana amasewera. Pofuna kupulumutsa ndalama, funsani odula magalasi ku Blantyre kapena ku Limbe ngati ali ndi lakale lochokera m'makauntala a sitolo. Timikwingwirima sitikhala vuto, chidutswa chokandikacho chiikeni pansi kapena kumbuyo. Koma la mng'alu, ngakhale waung'ono pakona, likaneni. Akuduleni chonchi: chapansi 120 kwa 45, chakutsogolo ndi chakumbuyo 120 kwa 45, zam'mbali ziwiri 43 kwa 45 poti zimalowa pakati pa zinazo, ndi kachidutswa ka 43 kwa 10 kolumikiza galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo pamwamba, pakatikati. Kachidutswa kameneka ndi komwe kamaletsa thanki kutupa mimba. Apalenso m'mphepete kuti musadzicheke.

Silikoni akhale wopanda mankhwala oletsa nkhungu. Uja wa kubafa ndi kukhitchini ali ndi mankhwalawo, ndipo amapha nsomba mwakachetechete. Woyenera amalembedwa kuti ndi wa aquarium, ndipo amanunkha ngati viniga. Machubu awiri akwana. Pukutani m'mphepete mwa galasi ndi spiriti, poti pamene pali fumbi kapena mafuta a m'manja silikoni sagwira. Matani, gwirizitsani ndi tepi, pitirizani chala m'makona am'kati kamodzi kokha, kenako musaikhudze masiku 7. Mukatero idzazeni madzi panja, pamalo osalala, muyale nyuzipepala pansi pake masiku awiri. Dontho lililonse lidzaonekera papepalapo.

Thanki yodzaza, kuphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, imaposa makilogalamu 300, kulemera kwa matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Tebulo wamba sangathe, ndipo chiswe cha kuno sichisiya miyendo yamatabwa. Mangani zipilala zitatu za njerwa zootcha ndi simenti, muike thabwa lochindikala pamwamba, mubwereke levulo kwa mmisiri. Pakati pa thabwa ndi galasi yalani chithovu choyera chija chimabwera m'makatoni a filiji. Kamwala kamodzi kotsalira pansi pa galasi kangathe kuling'amba. Malo ake asakhale pawindo kapena kukhoma lakumadzulo lomwe limaotcha mpaka usiku. Soketi ikhale m'mwamba, makamaka kwa inu amene madzi osefukira amakulowerani m'nyumba.

Sefa yotchipa ndiyonso yoyenera kuno: ya siponji, yoyendera pampu ya mpweya ya mawati 3 mpaka 5. Ikani ziwiri, kumapeto onse. Imasefa, imagwedeza madzi, ndipo magetsi akathima mungailumikize ku kapampu ka USB koyendera power bank kapena batire la sola. Kapampu kachiwirika musakaone ngati kongoonjezera. Kagulenso nsomba zisanabwere. Masiku otentha, fani yaing'ono yopemerera pamwamba pa madzi imatsitsa madigiri awiri kapena atatu. Madzi akadutsa madigiri 31, yandamitsani botolo la madzi oundana lotseka bwino, limodzi pa nthawi. Usiku wozizira wa Juni ndi Julayi, ingofunditsani thankiyo bulangete.

Tsono madzi. Mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere. Ngati mchere ukumveka pa lilime, musawagwiritse ntchito okhaokha. Vuto limakula chifukwa madzi akamauma ndi kutentha, mchere umatsalira, inu n'kumathiranso amchere omwewo, mpaka nsomba kuyamba kufooka osadziwa chifukwa. Pobwezera omwe auma, thirani a mvula kapena ena opanda mchere. A pampopi ali ndi klorini: aikeni m'diramu masiku awiri, paipi ya mpweya ili momwemo, mutaphimba ndi nsalu kuti udzudzu usaikire. Othiridwa WaterGuard ndi chimodzimodzi.

Mchenga wa mumtsinje ndi waulere. Usefeni, muutsuke m'ndowa mpaka madzi ayere, muuyanike padzuwa masiku angapo, muyale masentimita atatu okha. Tengani pouma, osati m'mphepete mwa Shire pamene ng'ona zimabisala. Zomera za m'dambo zimabwera ndi nkhono za likodzo, zisiyeni.

Apa ndi pamene ambiri amaluza nsomba: kuthira zonse tsiku loyamba. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni, ndipo ukali wake umakula madzi akatentha. Mabakiteriya amene amamusandutsa chinthu chosaopsa kwenikweni amamera m'siponji, ndipo amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti achuluke. Yendetsani thanki yopanda nsomba nthawi yonseyo, mukuponyamo kachakudya kotsina ndi zala tsiku lililonse. Mukapeza siponji yakale kwa mnzanu woweta kale, nthawiyo imafupika. Kenako yambani ndi nsomba zinayi, muonjezere zina pakatha milungu iwiri. Siponji muzifinya m'madzi ochotsa m'thanki, osati a pampopi, poti klorini imapha mabakiteriyawo.

Nsomba zanji? Mbuna za m'nyanja ya Malawi n'zokongola zedi, koma zinazolowera madzi a madigiri 24 mpaka 28. Ngati nyumba yanu ndi yamalata opanda siling'i, mudzangozizunza. Ngati ndi yozizirirapo, khumi zikwana, ndi miyala yambiri yobisalamo. Goldfish, nsomba zokongoletsa zokonda madzi ozizira, kuno ayi. Zopirira ndi maguppy (tinsomba tating'ono tokongoletsa) ndi matemba, khumi ndi asanu kapena makumi awiri. Mphende zimapirira kutentha ndi mchere womwe, koma zimakula, zimakumba mchenga ndi kuswana mpaka kudzaza. Mukazifuna, funsani alangizi a nsomba ku Kasinthula, ndipo musapitirire zinayi. Mlamba umadya anzake onse. Nsomba zachilendo zikakukwanani, musakazitaye mu Shire kapena m'dambo.

Muzidyetsa kamodzi patsiku, chakudya choti chithe m'mphindi ziwiri. Nsima ndi madeya zimaoletsa madzi. Sabata iliyonse chotsani ndowa zitatu za malita 20, mukukoka zinyalala zapansi ndi paipi, n'kubwezera madzi ogona aja.

Chomaliza musachiiwale, poti kuno n'kwa udzudzu. Mankhwala opopera, makoilo ofukiza ndi maneti onyikidwa m'mankhwala ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Neti ya udzudzu isakhale chophimbira thanki kapena chowolera nsomba. Tsiku lopopera m'nyumba, phimbani thanki yonse ndi pulasitiki, mutulutse pampu panja ndi paipi yaitali kuti izikoka mpweya wabwino, ndipo musavundukule mpaka mawindo atakhala otsegula maola angapo ndipo fungo latheratu.