Mabomba a 1998 ku Nairobi ndi Dar es Salaam: kafukufuku ndimuyambire pati ndili ku Mzuzu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachitatu pa koleji ina muno mu Mzuzu. Aphunzitsi awapatsa ntchito yolemba za chiwembu chimodzi chachikulu cha zigawenga, ndipo iye wasankha mabomba amene anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam mu 1998. Dandaulo lake ndi lakuti akafufuza pa Google akungopeza nkhani imodzimodzi yongosinthidwa mawu, pamene aphunzitsi anenetsa kuti Wikipedia safuna kuiona. Akufunsa komwe angapeze mabuku ndi zikalata zenizeni, poti bandulo yake ndi ya sabata imodzi basi.

Achemwali, mwasankha bwino. Anzanu ambiri athamangira za pa 11 Sepitembala 2001, ndipo akamira m'mabuku osawerengeka. Yanuyi inachitikira pakhomo. Mabasi a ku Dar timawadziwa, ndipo katundu wambiri wa ku Taifa Market amadzera njira yomweyo ya ku Songwe.

Tiyambe tagwirizana pa zimene zinachitika. Linali Lachisanu, pa 7 Ogasiti 1998, cha m'ma 10:30 m'mawa nthawi ya kumeneko, kuno ili 9:30. Magalimoto awiri onyamula mabomba anaphulika motsatizana, imodzi ku Nairobi, ina ku Dar es Salaam. Anthu 224 anafa: 213 ku Nairobi, 11 ku Dar. Ovulala anaposa 4,000. Mwa akufawo, Aamerika anali 12. Nambala imeneyi muilembe pamwamba pa kope lanu, chifukwa ndi imene ikuuzeni chosowa m'zinthu zambiri zimene muwerenge. Zikalata zosavuta kupeza zinalembedwa ku Washington ndi ku New York, koma maliro ambiri anali a Akenya wamba, ena a iwo ophwanyidwa ndi nyumba ya Ufundi House imene inagwa pafupi ndi ofesi ya kazembeyo, ena ongodutsa pamphambano ya Moi Avenue ndi Haile Selassie Avenue.

Wikipedia musaitaye msanga. Aphunzitsi akuletsani kuitchula ngati gwero, osati kuiwerenga. Tsikirani kumunsi kwa tsamba komwe kuli mndandanda wa kumene olembawo anatapa nkhani, mukopere mayina a zikalata, kenako muzisake panokha.

Zikalata za boma la America ndi zaulere, ndipo ziwiri ndi zimene mungayambe nazo. Choyamba ndi lipoti la mu Januwale 1999 la makomiti ofufuza amene ankatsogoleredwa ndi Admiral William Crowe. Likufotokoza mmene nyumba ziwirizo zinalili pafupi kwambiri ndi msewu komanso mmene chitetezo chinanyalanyazidwira. Kazembe wa ku Nairobi panthawiyo, mayi Prudence Bushnell, anali atalembera akuluakulu awo ku Washington kudandaula za chitetezo bomba lisanaphulike, ndipo pambuyo pake analemba buku lawo la zimene anaona. Chachiwiri ndi The 9/11 Commission Report ya mu 2004. Dzina lisakupusitseni: mutu wachiwiri ndi wachinayi ukukamba za kukula kwa al-Qaeda, gulu la zigawenga la Osama bin Laden limene linaphulitsa mabombawo, za mabomba anuwa, ndi za mizinga imene Bill Clinton, pulezidenti wa America panthawiyo, analamula kuti iponyedwe ku Afghanistan komanso pa fakitale ya mankhwala ya Al-Shifa ku Khartoum pa 20 Ogasiti 1998. Nkhani ya fakitaleyo anthu amatsutsanabe, ndiye muiwerengenso kuchokera kwa olemba ena osakhala a boma.

Koma kumene kuli nyama ndi kukhothi, ndipo ophunzira ambiri safikako. Mu 2001 ku New York kunali mlandu wa United States v. Usama bin Laden, umene unatha mu Meyi chaka chomwecho pamene amuna anayi anapezeka olakwa. Zimene mboni zinanena tsiku ndi tsiku zinalembedwa ndipo zimapezeka pa intaneti. Ndi zazitali moti simungazimalize, komanso sikofunika kutero. Sakani mayina. Mboni ya boma Jamal al-Fadl, wa ku Sudan, anafotokoza mmene gululo linkayendera mkati mwake. Mmodzi mwa anayiwo, Khalfan Khamis Mohamed, anali Mtanzania, ndipo anagwidwa ku Cape Town mu 1999. Apa pali chikalata chimene ndimachikonda kwambiri: mu Meyi 2001 khothi la za malamulo a dziko ku South Africa linagamula kuti boma lawo linalakwa kumupereka kwa Aamerika popanda lonjezo lakuti sakamupatsa chilango cha imfa. Chigamulocho chili pa SAFLII, tsamba la pa intaneti losunga zigamulo za makhothi, chaulere, ndipo ndi mawu okhaokha, sichidya bandulo. Mtanzania wina, Ahmed Khalfan Ghailani, anazengedwa mlandu mu 2010, napezeka wolakwa pa mlandu umodzi mwa milandu yoposa 280, komabe anamupatsa moyo wonse kundende. Wophunzira amene angafotokoze chifukwa chake zinatero wapeza kale pepala lake.

Tsopano za malaibulale a kwathu kuno. Tonse tikukumbuka moto umene unapsereza laibulale ya Mzuni mu Disembala 2015, ndipo ena mpaka lero amangoganiza kuti ku Luwinga kulibe chowerenga. Si zoona. Mabuku ena akhala akubwera, ndipo chofunika kwambiri kwa inu sichili pa shelefu ayi. Malaibulale a makoleji ambiri m'Malawi ali m'bungwe la MALICO, limene limalipirira pamodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti. Tanthauzo lake ndi lakuti nkhani imene pafoni panu ikukulamulani madola, mukaitsegula pa kompyuta ya ku laibulale ya koleji yomwe ili m'bungwelo mwina itseguka yokha. Pitani kwa woyang'anira laibulale yanu, mumuuze mutu wanu bwinobwino, mufunse kuti ndi magazini ati amene koleji ili ndi chilolezo chowerenga. Anthu amenewa anaphunzira ntchito yosaka zolembedwa, koma ife timangowaona ngati olondera zikwama pakhomo. Tengani flash, mutsitse zonse tsiku limodzi, muzikawerengera kunyumba.

Ku Mzuni kulinso American Corner, malo owerengera othandizidwa ndi ofesi ya kazembe wa America. Ndi malo oyenera kufunsirako zikalata za boma la America, bola mudziwe kuti mwalowa m'nyumba ya mwini nkhani. Laibulale ya National Library Service m'tauni muno ndi yabwino pa mabuku a mbiri ndi malo okhala phee. Funsani ngati ali ndi The Looming Tower ya Lawrence Wright, ya mu 2006, imene ikulondola mbiri ya al-Qaeda mosavuta kutsatira.

Pa intaneti, siyani Google wamba mupite pa Google Scholar. Lembani "1998 embassy bombings" m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, muwonjezere liwu limodzi la chimene mukufuna, monga Kenya, victims kapena compensation. JSTOR, nkhokwe ya magazini a kafukufuku pa intaneti, imalola munthu kutsegula akaunti yaulere n'kumawerenga nkhani zina pomwepo. African Journals Online ili ndi zolemba za akatswiri a ku Africa kuno. Global Terrorism Database ya University of Maryland ili ndi ziwembu kuyambira 1970, ndipo ingakuthandizeni ngati mukufuna kuyerekeza 1998 ndi ziwembu zina za ku Kenya, monga cha pa sitolo za Westgate mu 2013 kapena cha ku Garissa mu 2015. Linki yakale ikakana kutseguka, ikopereni pa Wayback Machine ya Internet Archive, nthawi zambiri tsambalo limadzuka.

Mawu a Akenya ndi Atanzania muchita kuwasaka dala. Yang'anani Daily Nation ndi The Standard za ku Kenya, makamaka za m'mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, pamene opulumuka amasonkhana pa August 7th Memorial Park, pamalo pomwe panali ofesi ya kazembe. Ambiri anachititsidwa khungu ndi magalasi, chifukwa atamva kuphulika koyamba kwakung'ono anathamangira pamawindo kukaona. Mu 2020 dziko la Sudan linavomera kupereka madola 335 miliyoni a chipukuta misozi pa ziwembu zingapo kuphatikizapo chimenechi, koma Akenya wamba amene sankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe akhala akudandaula kuti anasiyidwa. Yesaninso kusaka m'Chiswahili, monga "shambulio ubalozi wa Marekani 1998". Ngati Chiswahili chikukuvutani, ku Taifa simungasowe wokumasulirani.

Makanema a pa YouTube ndi zotumizirana pa WhatsApp, muonere ngati mukufuna, koma zisalowe m'pepala. Masamba a zigawenga zenizenizo musawatsegule n'komwe. Zimene Osama bin Laden ananena mu 1996 ndi mu Febuluwale 1998 akatswiri anazimasulira kale ndi kuzifotokoza m'mabuku awo.

Polemba, musiyanitse woganiziridwa ndi wopezeka wolakwa, ndiponso gulu la zigawenga ndi chipembedzo cha anthu. Ife Amalawi tili ndi chotikumbutsa. Mu Juni 2003 amuna asanu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira za al-Qaeda, anatulutsidwa m'dziko nkhani ili kukhothi, ku Mangochi kunabuka zipolowe, ndipo patapita masabata angapo anamasulidwa osazengedwa mlandu.

Mutu wakuti "mabomba a 1998" ndi waukulu kuposa masamba amene mwapatsidwa. Ndikanakhala ine ndikanafunsa kuti nyuzipepala za m'Malawi zinalemba chiyani sabata imeneyo, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo nkhanizo zinkachokera kwa atolankhani athu kapena zinkangokoperedwa kuchokera kunja. The Nation ndi Daily Times za mu Ogasiti 1998 zikuyenera kupezeka ku National Archives ku Zomba, komwe malamulo amati zosindikizidwa m'dziko muno zizisungidwa. Zomba ndi kutali, ndipo thiransipoti masiku ano si yoseweretsa. Koma ngati muli ndi mnzanu ku Chanco, mupatseni masiku enieni, kuyambira pa 8 mpaka pa 21 Ogasiti, akafunse chilolezo chojambula masamba oyamba ndi a ndemanga za mkonzi.