Ntchito ya mu ofesi ya makompyuta pa yunivesite

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wokonda makompyuta angasangalale ndi ntchito yothandiza anthu pa yunivesite. Angasangalale ndithu, koma dziwani kuti tsiku lambiri limathera pa anthu, osati pa makina.

Ndikamafika m'mawa, ophunzira amakhala atandanda kale pakhomo. Wina wayiwala pasiwedi ya Moodle (tsamba la pa intaneti lophunzirirapo), wina laputopu ikukana eduroam (Wi-Fi ya m'mayunivesite), nthawi zambiri chifukwa walemba dzina lokha osamalizitsa ndi @ ndi adiresi ya sukulu. Sabata yolembetsa maphunziro ndiye osanena, nsima timadya 3 koloko.

Zomwe zimandigwira mtima ndi za ma flash. Mwezi watha mtsikana wa chaka chomaliza anabwera misozi ili chuchuchu, mafayilo onse a kafukufuku wake atasanduka ma shortcut. Kachirombo ka kompyuta kochititsa zimenezi kawirikawiri sikafufuta kanthu, kamangobisa. Ndinatsegula Command Prompt, polembera malamulo mu Windows, n'kulemba attrib -h -r -s /s /d pa flash yakeyo, zonse zinatulukira. Anangogwira pakamwa, osayankhula. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ndimamuuza kuti azisunganso ntchito yake pa Google Drive.

Magetsi akathima timathamangira kuchipinda cha ma seva, kukaona ngati UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi, ipirire mpaka jenereta italira.

Za maphunziro, yambani ndi satifiketi ya CompTIA A+ ya zokonza makompyuta, kenako ya CCNA ngati mtima uli pa netiweki. Phunzirani kumanga mutu wa chingwe cha netiweki (RJ45) ndi manja anu. Aphunzitsi akakuitanani kuti pulojekita yakana, pitani ndi chingwe cha HDMI cholumikizira laputopu ku pulojekita m'thumba, mukonze mwakachetechete osawachititsa manyazi pamaso pa ophunzira awo.